Asidi m'nyanja yamchere ndi nayitirojeni wochokera kumtunda: momwe ndalama za kafukufuku zinayendera ku Oregon ndi ku Washington

Ntchito yanga ndi kuwerenga mapempho a anthu ofufuza za madzi a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuona ngati zomwe akulonjeza zingatheke ndi ndalama komanso nthawi yomwe apempha, kenaka n'kulangiza ogawa ndalamazo. Lipotili likufotokoza nkhani imodzi yomwe inachitikira kugombe la kumadzulo kwa United States, m'zigawo za Oregon ndi Washington, kuyambira 2005 mpaka 2022. Ndaisankha chifukwa muli mafunso awiri. Loyamba, loti n'chiyani chinkapha tiana ta nkhono m'matanki oswetsera, linayankhidwa msanga ndi ndalama zochepa. Lachiwiri, loti nayitirojeni wochokera kwa anthu a kumtunda amaonjezera asidi wochuluka bwanji m'madzi a pagombe, latenga zaka zoposa khumi, ladya ndalama zambiri, ndipo anthu akukanganabe. Ogawa ndalama ambiri amakumbukira loyambalo, n'kumayembekezera kuti lachiwiri liyenda chimodzimodzi.

Zomwe zinachitika ku Netarts Bay

Alimi ambiri a nkhono za oyster kugombe limeneli sadikira kuti nkhono ziberekane zokha. Mtundu womwe amaweta kwambiri unachokera ku Japan, ndipo m'malo ambiri madzi ndi ozizira moti suberekana bwino. Mbewu amakagula kumalo oswetsera, komwe mazira amaswa m'matanki a madzi opopedwa kuchokera m'nyanja, tiana n'kuleredwa kwa milungu iwiri kapena itatu tisanatumizidwe kwa alimi. Malo oterewa ndi owerengeka, choncho amodzi akagwa, mafamu ambirimbiri amasowa chodzala.

Chizindikiro choyamba chinaoneka ku Willapa Bay, ku Washington, amodzi mwa malo ochepa omwe nkhonozi zinkaberekana zokha. Kuyambira 2005, chaka chino, chaka chamawa, mbewu yatsopano osagwira. Kenaka vuto linalowa m'matanki. Ku Whiskey Creek Shellfish Hatchery, pa Netarts Bay ku Oregon, tiana tinafa mochuluka mu 2007 ndi 2008 moti mbewu yotuluka inatsika ndi 70 mpaka 80 peresenti. Nawo malo a Taylor Shellfish ku Dabob Bay anakumana ndi zofanana.

Aliyense anaganiza za matenda, ndipo chifukwa chinalipo. M'madzimo munapezeka bakiteriya wotchedwa Vibrio tubiashii, wodziwika kale kuti amapha tiana ta nkhono. Eni malowo anaika zipangizo zosefera ndi kuyeretsera madzi. Bakiteriya anachepa, koma tiana sitinasiye kufa. Alan Barton, yemwe ankayang'anira matankiwo, ndiye anasiya kuyang'ana tizilombo n'kuyamba kuyang'ana mphepo. Anaona kuti imfa zimabwera mphepo yochokera kumpoto ikaomba mwamphamvu. M'nyengo yotentha mphepo imeneyo imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Madzi a pansiwo amabwera odzaza ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, wina wochokera ku zamoyo zomwe zinawolera m'menemo, wina womwe anaumwa kuchokera mumlengalenga zaka makumi angapo zapitazo ali pamwamba.

Nthawi yomweyo Richard Feely wa ku NOAA, bungwe la boma la United States loona za nyanja ndi nyengo, ndi anzake anali atangoyenda pasitima mu 2007 kuchokera ku Canada mpaka ku Mexico akuyeza madzi a m'mphepete, ndipo mu 2008 anasindikiza zomwe anapeza m'magazini ya Science: madzi otha kusungunula zigoba anali atayamba kale kukwerera kufupi ndi gombe, ndipo kumpoto kwa California anafika pamwamba penipeni. Mbali imodzi kunali asayansi okhala ndi manambala koma opanda matanki. Mbali ina kunali anthu a matanki, tiana tikufa m'manja mwawo, opanda chipangizo choyezera.

Njira ziwiri zomwe asidi amafikira pagombe

Nyanja yamchere imamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kaboni dayokisaidi yemwe anthu amatulutsa potentha malasha, mafuta ndi gasi. Mpweyawu ukasungunuka m'madzi umapanga asidi wofooka. Chiyambire nyengo ya mafakitale, pH ya madzi a pamwamba, muyeso womwe umatsika asidi akamachuluka, yatsika kuchoka pafupifupi 8.2 kufika 8.1. Manambalawa akuoneka oyandikana, koma muyeso wa pH umayenda mochulukitsa, ndiye kusiyana kumeneku kukutanthauza asidi woonjezereka ndi pafupifupi 30 peresenti. Asidi akachuluka, carbonate yemwe nkhono zimamangira zigoba amachepa m'madzi. Tiana ta oyster timayamba ndi mtundu wa chigoba wotchedwa aragonite, womwe suchedwa kusungunuka. George Waldbusser wa ku Oregon State University anaonetsa kuti masiku awiri oyamba ndiwo oopsa: kamwana kayenera kumaliza chigoba choyamba kasanayambe kudya, kakungodalira timphamvu ta m'dzira. Madzi akakhala osauka carbonate, timphamvuto timatha ntchito isanathe.

Njira yachiwiri imachokera kumtunda. Feteleza wa m'minda, ndowe za ziweto ndi madzi a m'zimbudzi za m'mizinda zimatsikira m'mitsinje zitanyamula nayitirojeni ndi fosifolasi. Zikafika kunyanja ndere zimachulukana. Nderezo zikafa zimamira, mabakiteriya n'kuziwoletsa, ndipo powoletsapo amatha okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi. Choncho madzi omwewo omwe akusowa okosijeni ndi omwenso akuchuluka asidi. Kuwola ndi kumodzi, mavuto ndi awiri. Mu 2011 Wei-Jun Cai ndi anzake anaonetsa m'magazini ya Nature Geoscience, poyeza madzi a pansi a ku Gulf of Mexico ndi ku East China Sea, kuti njira ziwirizi zikakumana pH imatsika kuposa momwe zikanachitira poziphatikiza chabe, chifukwa madzi omwe amwa kale mpweya wambiri amafooka pokana kusintha. Mu 2014 gulu la Christopher Gobler la ku Stony Brook University linapeza kuti m'malo monga Long Island Sound ndi Jamaica Bay, pafupi ndi New York, m'miyezi yotentha, madzi osowa okosijeni kapena oyandikana ndi mapaipi a zimbudzi pH yake inkatsika mpaka kuchepera 7.0. Pakati pa nyanja yaikulu sipakuyembekezeka kufika pamenepo ngakhale pofika chaka cha 2100.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndiye phata la nkhani yonse. Mpweya wa mumlengalenga palibe mzinda kapena chigawo chomwe chingauchepetse chokha. Nayitirojeni wa m'mapaipi ndi m'minda ali m'manja mwa anthu a m'deralo.

Ndalama zoyamba

Mu 2009 Burke Hales, katswiri wa zinthu zosungunuka m'madzi a m'nyanja wa ku Oregon State University, anayamba kugwira ntchito ndi a ku Whiskey Creek. Anaika chipangizo choyeza mosalekeza madzi olowa m'matanki, chomwe alimi anadzachitcha Burkolator potengera dzina lake. Mu 2010 Senator Maria Cantwell wa ku Washington anapezetsa madola 500,000 a boma lalikulu kuti zipangizo zoyezera zifike kumalo oswetsera ndi m'madera olimidwa nkhono. Pa bizinesi yomwe ku Washington kokha inkawerengedwa kuti imabweretsa madola 270 miliyoni pachaka ndi ntchito za anthu 3,200, ndalamayi inali yochepa kwambiri.

Zotsatira sizinachedwe. Manambala anaonetsa kuti madzi a m'bandakucha ndi oipa kuposa a masana, popeza masana udzu wa m'madzi ndi ndere zimakhala zitayamwa mpweya wina. Anayamba kudzaza matanki masana, ndi kupewa kupopa mphepo ya kumpoto ikangoomba. Pambuyo pake anayamba kuthira sodium carbonate m'madzi olowa kuti carbonate akwere kufika pomwe tiana timafuna. Mbewu inabwerera. Mu 2012 Barton, Hales, Waldbusser, Feely ndi mnzawo wina anasindikiza m'magazini ya Limnology and Oceanography umboni woti kukula kwa tiana kunkatsatira mmene madzi analili pa tsiku lomwe mazira anaswa.

Ndikayang'ana chifukwa chomwe ndalamazi zinagwirira ntchito, ndimapeza kuti si ukulu wa sayansi yake. Funso linali laling'ono ndi lomveka. Madzi ankayezedwa pamalo penipeni pomwe zamoyo zinkafera. Ndipo munthu wowerenga manambala ndi yemweyo yemwe anali ndi dzanja pa pampu: akaona nambala yoipa m'mawa, amazimitsa. Panalibe kudikira lipoti la pakutha pa zaka zitatu. Ndikamawerenga pempho lililonse ndimafunsa funso lochokera pamenepa, loti nambalayi ikatuluka, ndani asinthe chochita, ndipo asintha liti.

Koma tisaiwale kuti m'nyanjamo simunasinthe kanthu. Chomwe chinakonzedwa ndi madzi a m'tanki. Nkhono za kutchire, nkhanu ndi tizamoyo ta zigoba tomwe nsomba zimadya palibe wozithirira sodium carbonate. Alimi ena anafika posamutsira malo awo oswetsera ku Hawaii. Ndipo ku Netarts Bay vuto lalikulu linali madzi okwera kuchokera pansi pa nyanja, osati feteleza kapena zimbudzi. Izi ndimazinena mobwereza, chifukwa ndaona mapempho ogwiritsa ntchito nkhani ya Whiskey Creek ngati umboni wa kuipa kwa nayitirojeni, pomwe nkhaniyo sikunena zimenezo.

Funso lovuta: gawo la anthu a m'deralo ndi lalikulu bwanji?

Ku Puget Sound zinthu ndi zina. Awa ndi madzi olowa mkati mwa dziko, akuya, ozunguliridwa ndi mizinda ya Seattle ndi Tacoma ndi anthu mamiliyoni. M'nthambi zake zina, monga Hood Canal, madzi a pansi amakhalitsa osasinthana ndi a kunja. Mu 2010 Feely ndi anzake anayerekeza kuti pa kutsika kwa pH m'madzi a pansi a Hood Canal, kaboni dayokisaidi wa anthu wochokera mumlengalenga ankafotokoza 24 mpaka 49 peresenti. Gawo lotsalalo linali la kuwola kwa zamoyo. Koma kuwolako kwina ndi kwachilengedwe, kwina ndi koyambitsidwa ndi nayitirojeni wa anthu, ndipo botolo la madzi silingakuuzeni kuti mpweya uwu wachokera kwa ndani.

Mu 2012 bwanamkubwa wa Washington, Christine Gregoire, anakhazikitsa gulu la asayansi, alimi a nkhono, atsogoleri a mitundu ya eni nthaka, aphungu ndi ena kuti liunike nkhaniyi, motsogozedwa ndi William Ruckelshaus ndi Jay Manning. Mu November chaka chomwecho gululo linatulutsa mfundo 42. Zina zinali zochepetsa nayitirojeni wochokera kumtunda, koma gululo linavomereza kuti pafunika kudziwa kaye kukula kwa gawo la anthu. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya chigawocho inakhazikitsa Washington Ocean Acidification Center ku University of Washington. Mbali ina, Department of Ecology ya chigawocho pamodzi ndi Pacific Northwest National Laboratory ankamanga Salish Sea Model, masamu a pakompyuta otsanzira kayendedwe ka madzi, ndere, okosijeni ndi kaboni m'dera lonselo. Ubwino wa modelo ndi woti mungathe kuchotsamo nayitirojeni wa anthu n'kuona momwe madzi akanakhalira popanda iye. M'nyanja yeniyeni zimenezo sizitheka.

Yankho lomwe linatuluka silinakomere mbali iliyonse kotheratu. Nayitirojeni wochuluka zedi wolowa mu Puget Sound amachokera ku Pacific, mwachilengedwe. Pa yemwe amachokera kwa anthu a m'deralo, gwero lalikulu ndi malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi. Ndipo gawo la anthulo, ngakhale lili laling'ono poyerekeza ndi la nyanja, limatsitsa okosijeni ndi pH m'malo ena ndi m'miyezi ina, makamaka momwe madzi samayenda msanga. Potengera kwambiri za okosijeni, Department of Ecology inatulutsa chilolezo chatsopano chokhudza malo 58 oyeretsera madzi, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu January 2022. Mizinda ina inachitsutsa mpaka m'makhoti, poti kukonza malowa kuti azichotsa nayitirojeni kumadya madola mabiliyoni, ndipo olipira ndi anthu wamba kudzera m'mabilu a madzi. Mabungwe oteteza chilengedwe nawo anachitsutsa ponena kuti n'chofewa. Asayansi ena a m'deralo amakayikira ngati kusintha komwe modelo ikuonetsa kuli kokwanira kuti zamoyo zikumve.

Mkanganowu sindiuona ngati kulephera kwa kafukufuku. Mzinda wopemphedwa kuwononga ndalama zochuluka chotero uli ndi ufulu wofunsa kuti manambala achokera kuti. Chomwe chimandipweteka n'choti modelo imalimba molingana ndi miyeso yomwe yayesedwa nayo, ndipo miyeso yabwino ya kaboni m'madzi a Puget Sound inayamba mochedwa poyerekeza ndi ya okosijeni ndi nayitirojeni. Zaka zomwe sizinayezedwe palibe ndalama yomwe ingazigule lero.

Matumba awiri a ndalama

Kuchedwa kumeneko kuli ndi chiyambi chake m'malamulo. Ku United States nkhani ya nayitirojeni ndi yakale. Imayendera lamulo la Clean Water Act la 1972, pansi pa EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi maboma a zigawo, komanso lamulo la 1998 lokhudza ndere zoopsa ndi kusowa kwa okosijeni m'madzi. Nkhani ya asidi ndi yatsopano. Lamulo lake, lodziwika ndi dzina la FOARAM, linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo ofesi ya NOAA yoona za asidi m'nyanja inatsegulidwa mu 2011. Malamulo awiri amabala mabajeti awiri, makomiti awiri ounika mapempho, ndipo nthawi zina maboti awiri opita pamalo amodzi, lina kukatunga botolo la okosijeni, lina la kaboni. Wofufuza wofuna kuyeza zonse pamodzi amauzidwa uku kuti pempho lake ndi la asidi, akapita uko amauzidwa kuti ndi la kuipitsa madzi. Ngakhale pa zolinga za chitukuko za United Nations, nayitirojeni ali pa mfundo 14.1 pomwe asidi ali pa mfundo 14.3, aliyense ndi muyeso wake. M'zaka zaposachedwa maofesi ena a NOAA aitanirapo limodzi mapempho okhudza zonse ziwiri, ndipo ndi njira yoyenera, koma chizolowezi chogawa sichinathe.

Malamulo a ukhondo wa madzi nawo ali ndi mpata. Muyeso wa EPA wa madzi a m'nyanja, wochokera m'chaka cha 1976, umalola pH ya pakati pa 6.5 ndi 8.5, bola isapatuke ndi 0.2 pa momwe imakhalira mwachilengedwe. Tiana ta oyster tikhoza kufa tonse madzi akadali mkati mwa malire amenewa. Ndipo kuti munene kuti pH yapatuka pa chilengedwe chake, muyenera kukhala mutayeza chilengedwecho kale.

Ku Gulf of Mexico kuli chitsanzo cha phindu la kuyeza kosadukiza. Nancy Rabalais ndi anzake a ku LUMCON, bungwe lofufuza za nyanja ku Louisiana, anayamba mu 1985 kuyeza chaka ndi chaka dera losowa okosijeni lomwe limabwera chifukwa cha madzi a mtsinje wa Mississippi, womwe umatunga kuchokera m'zigawo 31. Mu 2017 deralo linafika masikweya kilomita 22,720, lalikulu kuposa zaka zonse, pomwe cholinga cha boma ndi kulitsitsa kufika pa 5,000. Manambalawa ali ndi mphamvu chifukwa cha mzere wautali womwe aimapo. Chaka chimodzi pachokha sichinena kanthu, poti mvula ndi mphepo zimasintha kukula kwa deralo kwambiri. Mu 2016 ulendowo unalephereka chifukwa sitima inawonongeka, ndipo mpata umenewo ulipo mpaka kalekale.

Ku Long Island Sound, zigawo za New York ndi Connecticut zinagwirizana kuchepetsa nayitirojeni ndi 58.5 peresenti, dongosolo lomwe EPA inavomereza mu 2001. Zinakonza malo oyeretsera madzi, ndipo dera losowa okosijeni lachepa. Kwa wofufuza za asidi, uku kunali kuyesa kwakukulu komwe palibe thumba la kafukufuku lingakulipire: nayitirojeni wochepetsedwa ndi theka m'nyanja yeniyeni. M'malo ambiri otere, omwe ankayeza madzi m'zaka zoyambazo ankalemba okosijeni, nayitirojeni ndi kuchuluka kwa ndere, ndipo ngati pH inkayezedwa n'komwe, kunali ndi tizipangizo tosavuta tomwe manambala ake sangaonetse kusintha kochepa. Kuonjezera mabotolo awiri pa ulendo womwe boti likupita kale kukanadya ndalama yochepa zedi.

Nthawi

Vuto lalikulu kuposa onse ndi kufupika kwa nthawi ya thandizo. Pakati pa nyanja, pamalo monga Station ALOHA pafupi ndi Hawaii pomwe akhala akuyeza kuyambira 1988, pH imatsika ndi pafupifupi 0.002 pachaka. M'mphepete mwa gombe, pamalo a udzu wa m'madzi, pH imatha kukwera ndi kutsika ndi 0.5 pakati pa usiku ndi usana. Thandizo la zaka zitatu, lomwe ndilo lofala, likutanthauza kufunafuna kusintha kwa 0.006 m'madzi omwe amagwedezeka kuposa pamenepo kambirimbiri tsiku lililonse. Mu 2019 Adrienne Sutton wa ku NOAA ndi anzake anaunika miyeso ya zipangizo 40 zoyandama ndipo anayerekeza kuti, kuti kusintha kobwera ndi anthu kuoneke bwino, pakati pa nyanja pamafunika zaka 8 mpaka 15, pomwe m'mphepete pamafunika zaka 16 mpaka 41. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi kudekhako kuyenera kulembedwa mu bajeti.

Ndiye pempho la zaka zitatu likalonjeza kuti lionetsa ngati asidi akuonjezereka pa gombe lakutilakuti, ndimalangiza kuti likanidwe kapena lilembedwenso, ngakhale ofufuzawo atakhala odziwa ntchito. Zaka zitatu zimakwana kuyankha mafunso ena: ndi miyezi iti yomwe madzi amaipa, amaipa maola angati motsatizana, kuipako kumatsatira mvula, mphepo kapena mapaipi, ndipo kumakumana ndi nyengo yomwe nkhono ndi nsomba zimaswa kapena ayi. Mafunso amenewa ndi othandiza kwambiri, ndipo ndi omwe anapulumutsa mbewu ku Netarts Bay. Funso la kusintha kwa zaka zambiri limafuna ndalama ya mtundu wina, yochepa pachaka koma yosaduka, yoperekedwa ku bungwe lomwe lidzakhalepobe wofufuza woyambayo atapuma pantchito. Ogawa ndalama saikonda ndalama yotereyi chifukwa pa chaka chachisanu ndi chiwiri palibe chatsopano chokalengeza. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo.

Zomwe ndimayang'ana mu bajeti

Bajeti imandiuza zambiri kuposa masamba a malonjezo. Kaboni wa m'madzi a m'nyanja amayezedwa m'njira zinayi, ndipo kuti muwerengere carbonate yemwe nkhono zikupeza, muyenera kuyeza ziwiri mwa zinayizo, pamodzi ndi kutentha ndi mchere wa madziwo. Pempho logula choyezera pH chokha silingafike pa funso la zigoba. Gulu la dziko lonse la oyeza asidi m'nyanja, GOA-ON, lomwe linayamba mu 2012, limasiyanitsa miyeso yokwanira kuona kusintha kwa masiku ndi miyezi, yomwe ingaphonye ndi 0.02 pa pH, ndi yokwanira kuona kusintha kwa zaka makumi, yomwe siyenera kuphonya kuposa 0.003. Wopempha anene kuti akufuna iti, ndipo mtengo wake uoneke.

Ndimafunanso kuona mzere wa madzi oyesera zipangizo. Kwa zaka zambiri malabotale a dziko lonse akhala akudalira mabotolo a madzi a m'nyanja oyezedwa kale ochokera ku labotale imodzi, ya Andrew Dickson ku Scripps Institution of Oceanography. Mliri wa COVID-19 utasokoneza ntchito kumeneko mu 2020, ofufuza a m'maiko ambiri anasowa poyesera zipangizo zawo. Sayansi yonse ya asidi m'nyanja inali itatsamira pa chipinda chimodzi, ndipo ili ndi phunziro kwa ogawa ndalama omwe amakonda kulipira zatsopano n'kusiya zomwe aliyense akudalira.

Mzere womwe umadulidwa kawirikawiri ndi wa malipiro a munthu wosamalira zipangizo. Chipangizo chosiyidwa m'madzi odzaza ndere chimamera zinthu pakangopita milungu yochepa, manambala ake n'kuyamba kusokera pang'onopang'ono osadziwika. Pafunika munthu wokachitsuka, wotunga botolo pambali pake kuti ayerekeze, ndi woyang'ana manambala sabata iliyonse. Komiti ikafuna kuchepetsa bajeti, ndimapempha kuti ichotse chipangizo chimodzi m'malo mochotsa munthuyo. Izi n'zoona kwambiri m'maiko omwe akungoyamba kuyeza, komwe zipangizo zimafika ngati mphatso koma ndalama yoziyendetsera chaka chachiwiri osabwera.

Chomaliza, ndimafuna ofufuza omwe avomereza kuti yankho likhoza kutuluka losayembekezeka. Kugombe la Belgium, Alberto Borges ndi Nathalie Gypens anaonetsa mu 2010 kuti m'zaka zomwe michere yochokera kumtunda, monga nayitirojeni, inkachuluka, ndere zinkayamwa mpweya wambiri moti pH ya madzi a pamwamba inkakwera, ndipo michereyo itayamba kuchepetsedwa cha m'ma 1990, pH inatsika mofulumira kuposa momwe mpweya wa mumlengalenga pawokha ukanaitsitsira. M'madzi osaya osakanizika bwino zinthu zimayenda mosiyana ndi m'madzi akuya omwe a pansi amatsekeredwa. Choncho kuchepetsa nayitirojeni sikukweza pH paliponse ndi pa kuya kulikonse mofanana. Pempho loyamba ndi yankho lake m'thumba, loti mapaipi ndiwo olakwa kapena kuti mapaipi alibe mlandu, silikhala ndi miyeso yomwe ingalitsutse.

Pomwe nkhaniyi yafika

Malo oswetsera a ku Oregon ndi ku Washington akupitiriza kuyeza ndi kukonza madzi awo, ndipo zimenezi zangosanduka mbali ya ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ku Puget Sound, kaya mkangano wa chilolezo utha bwanji, malo ena oyeretsera madzi adzakonzedwa m'zaka zikubwerazi, ena msanga, ena mochedwa, ndipo anthu okhala m'deralo akuchulukirachulukira. Langizo lomwe ndimapereka kwa ogawa ndalama pa dera lotere, kulikonse komwe lili, ndi loti asankhe nthambi zingapo za nyanja zomwe nayitirojeni wake achepetsedwe ndi zingapo zomwe zikhale momwemo, ayambe kuyeza okosijeni, nayitirojeni ndi miyeso iwiri ya kaboni m'botolo la madzi amodzi, pamwamba ndi pansi, ntchito yokonzayo isanayambe, ndipo alonjeze ndalama ya zaka zosachepera khumi ndi zisanu yokhala ndi malipiro a wosamalira zipangizo. Manambalawo aziikidwa poyera chaka chilichonse, kuti mzinda wolipira ndi bungwe lodandaula aziwerenga omwewo.